Notgeld ya ku Germany: yankhondo yeniyeni ndi iti, yopangira otolera ndi iti?

Tiyamike

Moni nonse akuluakulu. Funso langa lili pa tindalama tapepala ta m'matauni a ku Germany, tija amati Notgeld, kutanthauza ndalama za pa nthawi ya mavuto. Ogulitsa ambiri amangolemba pa mulu wonse kuti ndi ndalama za pa Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse, koma ukauyala muluwo umaona kuti zinthu zake n'zosiyana kwambiri. Mwachitsanzo, mu mulu umodzi muli kakatoni kolembedwa 1 Mark, 1914, kodindidwa chidindo ndi kusainidwa pamanja, kumbuyo kulibe kanthu. Mulinso ka 50 Pfennig ka 1917 kotuwa, kakuda ndi manja, kopindika pakati. Muli pepala lokulirapo la 20 Mark la Novembala 1918 lobowoledwa. Kenako muli 6 ta 50 Pfennig ta 1921, ta mitundumitundu, tosapindika n'komwe.

Kodi zonsezi n'zankhondo? Ngati ayi, malire ali pati, ndipo munthu amayang'ana chiyani papepalapo? Komanso zinatheka bwanji kuti tauni izisindikiza ndalama boma lilipo? Chonde ndithandizeni.

Bambo Chisale

A Tiyamike, pa zinayi mwatchulazo, zitatu zoyambirira n'zankhondo, ngakhale chachitatucho chili pamalire penipeni. Chachinayicho ayi. Mfuti zinaleka kulira pa 11 Novembala 1918. Koma deti lokha silingakuthandizeni mokwanira. Muyenera kudziwa vuto limene pepala lililonse linabwera kudzathetsa, chifukwa mavutowo sanali amodzi.

Za 1914 zinabwera chifukwa cha mantha. Mphekesera ya nkhondo itangomveka, anthu anabisa golide ndi siliva. Khobidi la 1 Mark linali ndi magalamu 5 a siliva weniweni, ndiye aliyense ankaona kuti bola kulisunga kusiyana n'kulisiya m'sitolo. Pa 31 Julayi 1914 Reichsbank, banki yaikulu ya dzikolo, inaleka kusintha mapepala ake ndi golide, ndipo lamulo la pa 4 Ogasiti linavomereza zimenezi. Eni mafakitale, migodi ndi minda ikuluikulu anafika tsiku la malipiro alibe timakobidi tolipirira antchito, makhonsolo nawo ankayenera kupereka thandizo ku mabanja a amuna amene anapita kunkhondo. Kunavuta kwambiri m'madera a m'malire, ku East Prussia, West Prussia, Posen, Upper Silesia ndi Alsace, kumene njanji zinali m'manja mwa asilikali ndipo ndalama zochokera ku likulu sizinkafika msanga. Ndiye meya ankatenga pepala kapena katoni yopezeka pafupi, n'kuitayipa kapena kuisindikiza kwa wosindikiza wa m'taunimo, kudinda chidindo cha khonsolo, kusaina, basi yasanduka ndalama. Munda wina ku Posen unachita kudula makadi a juga n'kulembapo mtengo. Zimene zimatchulidwa kawirikawiri kuti ndizo zoyamba si za khonsolo n'komwe, ndi za kampani yofulula mowa ya ku Bremen, Bürgerliches Brauhaus, za pa 31 Julayi 1914, za 1, 2 ndi 2.50 Mark. Gulu limeneli silinakhalitse. Boma litatulutsa mapepala ake a 1 ndi 2 Mark otchedwa Darlehnskassenscheine, olembedwa 12 Ogasiti 1914, matauni ambiri anawombola zawo m'miyezi yochepa chabe.

Ka 1917 kaja ndi ka vuto lina, la chenji. Makobidi a 5 ndi 10 Pfennig anali a mkuwa magawo 75 ndi nikelo magawo 25 pa 100 alionse, ndipo zitsulo ziwirizi zinkafunika popanga zida. Boma linasintha n'kuyamba kusula 5 Pfennig yachitsulo mu 1915, 10 Pfennig yachitsulo mu 1916, ya zinki mu 1917. Sizinakwane. Makobidi ambiri anapita ndi asilikali m'maiko amene analanda, ndipo theka la Mark, poti linali la siliva, linkasowa likangotuluka. Mu 1918 ndi 1919 anafika pomalidetsa dala posula kuti lisakope anthu obisa. N'chifukwa chake 50 Pfennig ndiyo yachuluka kwambiri pa tindalama ta 1917 ndi 1918, kenako 25, 10 ndi 5.

Pa funso lanu loti zinatheka bwanji, boma silinazipange kukhala ndalama za dziko, linangotsinzina. Pepalalo linali lonjezo la khonsolo loti wolibweretsa ku ofesi ya msungichuma wa tauni adzapatsidwa ndalama za boma. Linkayenda m'taunimo ndi m'midzi yozungulira, koma kutauni ina wogulitsa anali ndi ufulu wolikana.

La 20 Mark lija ndi la masabata otsiriza. Mu Okutobala 1918 anthu ataona kuti nkhondo yalephereka anakhamukira ku mabanki kukatapa ndalama zawo, ndipo Reichsdruckerei, nyumba yosindikiza ya boma, inalephera kukwanitsa. Apa Reichsbank yokha ndiyo inapempha mizinda, maboma ang'onoang'ono ndi makampani akuluakulu kuti asindikize za 5, 10, 20 ndi 50 Mark. Ambiri analembedwa kuti atha ntchito pa 1 Febuluwale 1919, ena anadzawonjezeredwa masiku. Bowo lija si kuwonongeka wamba. Ndi mmene khonsolo inkaphera pepala ikaliwombola, kuti lisabwerenso kachiwiri.

Tsono ta 1921. Pofika chaka chimenecho boma linali litayamba kale, kuyambira 1919, kusula 50 Pfennig ya aluminiyamu yambirimbiri, moti kusowa kwa chenji sikunalinso chifukwa chenicheni. Chimene makhonsolo anali atatulukira ndi chakuti pepala lililonse limene wotolera waliika m'buku lake silibweranso kudzawomboledwa. Seti ya 6 ya 50 Pfennig ndi 3 Mark imene khonsolo yalandira, n'kungolipira wojambula ndi wosindikiza, yotsalayo ndi phindu. Ena ankaikaponso kangachepe pamwamba. Zimenezi zimatchedwa Serienscheine, ndipo zinachuluka mpaka boma linaletsa Notgeld ndi lamulo la pa 17 Julayi 1922.

Mayi Nasibeko

A Chisale alongosola bwino mbiri yake. Ine ndiwonjezere za pepala lenilenilo, likakhala m'manja.

Poyamba ikani pamodzi mapepala a tauni imodzi, a mtengo umodzi ndi deti limodzi, muwatembenuze. Ngati kumbuyo kwake n'kofanana, ndiye kuti mwina anapangidwira kuyenda m'sitolo, chifukwa wogulitsa amafuna ndalama yoizindikira ndi diso limodzi. Ngati lililonse lili ndi chithunzi chakechake, ndipo zithunzizo zikutsatana ngati nthano, mwina ndi timanambala 1 mpaka 6 kapena zilembo zimene zikalumikizana zikupanga dzina la tauniyo, imeneyo ndi seti ya otolera. Njira imeneyi yokha imagawa mulu waukulu mwamsanga.

Kenako werengani mzere wa zilembo zing'onozing'ono wonena za kutha kwa pepalalo. Khonsolo ya mu 1917 sinkadziwa kuti nkhondo itha liti, ndiye inkalemba kuti pepalalo lidzagwira ntchito mpaka miyezi yakutiyakuti mtendere ukadzasainidwa. Mukaona liwu lakuti Friedensschluss, limene pa mapepala a nthawiyo limathera ndi chilembo cha ß, dziwani kuti wolembayo nthawi zambiri anali m'kati mwa nkhondo. Mawu akuti Kriegsgeld ndi Kriegsnotgeld, kutanthauza ndalama zankhondo, nawonso amaloza komweko, ngakhale matauni ena anapitiriza kuwagwiritsa ntchito nkhondo itatha. Pa za 1914 mupeza kwambiri Gutschein (kuponi) kapena Gut für (loimira mtengo wakuti), chifukwa ankapewa kuzitchula ndalama. Mzere woti pepalalo litha mwezi umodzi khonsolo ikadzalengeza, umene uli ndi mawu akuti Aufruf kapena Bekanntmachung, umapezeka m'magulu onse, ndiye sungakuuzeni kanthu pawokha.

Onaninso amene wasaina pansi. Der Magistrat kapena Der Bürgermeister ndi khonsolo ya tauni, Gemeinde ndi mudzi, Kreis ndi boma laling'ono, Sparkasse ndi banki yosungitsako ndalama ya tauniyo, Handelskammer ndi bungwe la amalonda. Zilembo zake zambiri ndi zija za Fraktur, mmene s wamtali amaoneka ngati f, ndiye dzina la tauni muliwerenge kawiri musanalifufuze. Ndipo mulifufuze m'Chijeremani, chifukwa matauni ambiri a 1914 lero ali ku Poland ndi ku France: Allenstein ndi Olsztyn, Oppeln ndi Opole, Mülhausen ndi Mulhouse. Mabuku a mndandanda, kuyambira a Arnold Keller mpaka a Grabowski ndi Mehl a masiku ano, amatsata mayina akalewo.

Pamene pamagwa anthu ambiri ndi pa kakatoni ka 1914 kaja. Otolera atayamba kulembera makhonsolo makalata opempha za 1914, zambiri zinali zitawotchedwa kale, ndiye matauni ena anasindikizanso zatsopano. Zimenezi amati Neudrucke. Chidindo chake n'cha khonsolo yomweyo, nthawi zina wosainanso ndi yemweyo, choncho si zabodza kwenikweni, koma sizinagulepo kanthu mu 1914. Zimadziwika ndi mtundu kapena kukhuthala kwa pepala, mtundu wa inki ya chidindo, kapena kapangidwe ka manambala, ndipo zimenezi zimasiyana tauni ndi tauni. Palibe lamulo limodzi. Muyenera kuyerekeza ndi zimene buku likunena za tauni imeneyoyo.

Zabodza za masiku ano n'zosavuta kugwira. Tengani galasi lokulitsa ka 10. Makina akale osindikiza ndi zilembo zachitsulo ankakanikiza pepala, moti inki imaunjikana pang'ono m'mphepete mwa chilembo ndipo kumbuyo kumamveka katupidwe mukasisita ndi chala. Pulinta ya inki imasiya timadontho tobalalika ta mitundu inayi, ya leza imasiya ufa wonyezimira wokhala pamwamba pa pepala. Siginecha yapamanja imaonetsa pamene nsonga ya cholembera inakanda ndi pamene inki inachepa. Kenako walitsani tochi ya UV mumdima. Pepala la nthawi imeneyo limakhala lozimiririka. Likawala mobiriwira ngati mtambo, muli mankhwala oyeretsera amene anayamba kufala m'mapepala cha m'ma 1950. Chenjezo limodzi lokha: pepala lenileni limene wina analichapa ndi sopo waufa limathanso kuwala, koma mwa mawangamawanga. Pomaliza liyang'anitseni kuwala, muone ngati muli chizindikiro cha m'kati mwa pepala. Za 1917 ndi 1918 zambiri zili nacho, mizere yokhotakhota kapena timaluwa, ndipo mtundu wa chizindikirocho ndi umene umasiyanitsa kusindikiza koyamba ndi kwachiwiri.

Tiyamike

Zikomo kwambiri bambo ndi mayi, zayamba kumveka. Ndiye ndinganene kuti yonyansa ndi yakuda ndiyo yankhondo, yokongola ndi yoyera ndiyo ya otolera? Nanga zija za nsalu za ku Bielefeld zili mbali iti? Komanso ka 1917 kakuda kaja, kodi n'kololedwa kukatsuka pang'ono?

Kondwani J.

Achemwali, lamulo mwapangalo likuthandizani nthawi zambiri, koma musalikhulupirire kotheratu. Likhoza kukutayitsani zinthu zabwino.

Zankhondo zokongola zilipo. Pofika 1917 ndi 1918 matauni ena anali atayamba kale kulemba ntchito akatswiri ojambula. Lindenberg ya ku Allgäu inatulutsa zojambulidwa ndi Heinz Schiestl nkhondo ili m'kati. Niederlahnstein mu 1917 inaika pa 50 Pfennig yake nyama ya nkhumba mbali ina, mbali inayo Steckrübe, mtundu wa tanaposi wa mutu waukulu umene kale unali chakudya cha ziweto koma anthu anapulumukirapo m'nyengo yozizira ya 1916 mpaka 1917, mbatata zitalephera. Pepala ngati limeneli linayendadi m'sitolo ndipo otolera analikondanso. Ndi mapepala otere amene anaonetsa makhonsolo kuti chithunzi chimagulitsa. Kuchoka pa zoyenda kufika pa za otolera kunachitika pang'onopang'ono, sikunali kudumpha tsiku limodzi.

Kuyera nakonso sikutsimikizira kanthu. Makhonsolo ankatsala ndi mitolo yosagwiritsidwa ntchito ndipo pambuyo pake ankaigulitsa kwa amalonda. Ndiye 50 Pfennig ya 1917 yosapindika ikhoza kukhala yeniyeni ndithu. Ikakhala ilibe nambala kapena chidindo pamene anzake ali nazo, ndiye kuti ndi yotsala imene sinatulutsidwe. Kumbali ina, za 1919 ndi 1920 zakuda n'zong'ambika zilipo zambiri, chifukwa chenji chinkasowabe nkhondo itatha. Zimenezo zinayendadi, koma si zankhondo. Za ku Cologne za zaka zimenezi zili ndi siginecha ya Konrad Adenauer, amene anali meya wa mzindawo kuyambira 1917, n'kudzakhala mtsogoleri wa boma la West Germany pambuyo pake. Ndi yosindikiza, si yapamanja, wina asakukwezereni mtengo pa chifukwa chimenecho.

Deti nalonso muzilitenga mosamala. Nthawi zambiri ndi tsiku limene khonsolo inagwirizana zotulutsa ndalamazo, osati limene pepalalo linatuluka m'makina. Zoyamba zikatha, wosindikiza ankabwereza chaka chotsatira osasintha deti. Kusiyana kumaoneka pa kutalika kwa manambala, chilembo cha kutsogolo kwa nambala, kapena pepala lenilenilo.

Pali gulu lina lankhondo limene silinatchulidwe, la m'misasa ya asilikali ogwidwa. Limalembedwa Kriegsgefangenenlager kapena Gefangenenlager. Akaidi ankalipidwa ndi ndalama zogwira ntchito mumsasa mokhamo, kuti wothawa asakhale ndi chogulira tikiti ya sitima kapena chakudya panjira. Si za matauni, koma zimapezeka m'milu yomweyi.

Za nsalu za ku Bielefeld si zankhondo. Bielefeld inali tauni yowomba bafuta, ndipo mkulu wa Stadtsparkasse yake, Paul Hanke, ndiye anayambitsa zosindikiza pa bafuta ndi silika mu 1921, kenako pa veleveti, zina zopetedwa m'mphepete. Zinapangidwira kugulitsa, kuphatikizapo kunja kwa dziko. Chimodzimodzi za chikopa za ku Pößneck ndi Osterwieck, ndi makobidi a dothi lowotcha a ku Meissen.

Mtengo wolembedwa papepala umathandizanso kudziwa nyengo. Za 100, 500 ndi 1,000 Mark za matauni zambiri ndi za kumapeto kwa 1922, boma litalolanso Notgeld patangopita miyezi iwiri chiletsereni, poti ndalama inali ikugwa mphamvu. Za mamiliyoni kupita m'tsogolo ndi za 1923. Powerenga samalani, Milliarde ndi 1 wokhala ndi maziro 9, Billion ya Chijeremani ndi ya maziro 12. Dola imodzi ya ku America inali 4.20 Mark mu 1914, ndipo pa 20 Novembala 1923 inali 4.2 Billionen. Mukapeza za 0.42, 1.05, 2.10 kapena 4.20 Goldmark, ndi za kumapeto kwa 1923, zoyezedwa pa dola.

Koma seti za 1921 musazinyoze. Ine ndimaziona ngati umboni wofunika wa zimene anthu a m'matauni ang'onoang'ono ankaganiza atagonja. Muli mkwiyo pa pangano la mtendere la ku Versailles lothetsa nkhondoyo, muli mavoti a m'malire a ku Schleswig mu 1920 ndi ku Upper Silesia mu 1921 osankha dziko limene maderawo akhalemo, muli nthano zakale, ndipo zina zili ndi zithunzi zonyoza Ayuda poyera, zaka zoposa 10 Hitler asanatenge boma. Cholakwa si kuzisunga, cholakwa ndi kuzigulitsa ndi dzina lankhondo. Dziwaninso kuti zina zinatulutsidwa ndi amalonda m'dzina la midzi imene sinavomereze, kapena mabungwe ongopeka.

Mayi Nasibeko

A Tiyamike, chonde musakatsuke. Litsiro la pa ka 1917 ndilo umboni woti kanayenda, ndipo madzi awononga zinthu zitatu nthawi imodzi. Inki ya chidindo, makamaka ija yofiirira mobiriwira, imasungunuka m'madzi ndi mu sipiriti, n'kuyenderera pepala lonse. Chidindo chouma, chija chongotupitsa pepala popanda inki, chimafafanizika pepala likanyowa n'kupsinjidwa. Ndipo pepala lankhondo linali la mitengo yopera, lokhala ndi asidi wambiri, ulusi wake ndi waufupi, moti likauma limaphwanyika m'mizere yopindika. Kusita n'koipa chimodzimodzi, kumafulumizitsa kufiira ndipo wodziwa amaona kunyezimira kwake. Fumbi la pamwamba lichotseni ndi kaburashi kofewa kouma, kuchokera pakati kupita m'mphepete. Ngodya yopindika iwongoleni ndi chala, muike pepalalo pakati pa mapepala awiri opanda asidi, pamwamba buku lolemera, kwa sabata imodzi kapena ziwiri.

Long'ambika lisiyeni choncho. Selotepi imalowetsa guluu m'pepala, n'kusiya banga lofiirira losachoka. Kumata ndi makina a pulasitiki yotentha ndiko kulipheratu. Ngati pali selotepi yakale kale, musaisende, imachoka ndi inki yomwe.

Posunga, pepala lililonse likhale m'kathumba kakekake ka poliyesitala kapena polypropylene. Pewani pulasitiki yofewa ya PVC, ija imanunkha ndi kumata. Mafuta ofewetsera amene ali m'menemo amatuluka pakapita zaka, n'kulowa m'pepala mpaka kumaoneka ngati lapakidwa mafuta, ndipo inki imatsalira pa pulasitikiyo. Mabuku ena akale a otolera a m'ma 1920 ali ndi masamba a asidi, ndiye mukaona mthunzi wofiirira wa pepala pa tsambalo, lichotsenimo, koma bukulo musataye chifukwa zolembedwamo zimathandiza kudziwa kumene zinachokera. Chinyezi chikhale pakati pa 40 ndi 50 pa 100, kutentha kukhale cha m'ma digiri 18 mpaka 20, ndipo chofunika kwambiri n'chakuti zisamasinthesinthe. Chinyezi chikapitirira 65 kwa nthawi yaitali, chuku chimayamba. Timapaketi ta silica gel m'bokosi lotsekeka timathandiza, bola muzitiumitsa tikakhuta. Kuwala kwa dzuwa kumafufutitsa mitundu yofiira ndi yachikasu msanga, ndipo silika wa ku Bielefeld ndiye amavutika koposa, amafika pong'ambika yekha. Ameneyu agone chafulati, osapinda, osapachika pakhoma.

Ngati mumulumo muli makobidi a matauni, a zinki ndi achitsulo a 1917 ndi 1918, ena a ngodya 8 kapena obowola pakati, asakhale bokosi limodzi ndi mapepala. Chitsulo chimachita dzimbiri lodetsa chilichonse chokhudzana nacho, zinki amatuluka ufa woyera umene ukachotsedwa pamatsala timaenje. Maginito akuuzani msanga kuti lachitsulo ndi liti. Agwireni m'mphepete ndi manja ouma, ndipo musawaike mu viniga kapena mandimu, asidi amadya zinki mofulumira kwambiri.

Zimene mwapeza za pepala lililonse, tauni, deti, chizindikiro cha m'kati, kutalika kwa manambala ndi nambala yake ya m'buku, muzilembe ndi pensulo pa kapepala kapadera koikidwa kunja kwa kathumbako. Pa ndalamapo musalembe kanthu, ngakhale ndi pensulo.